Lachitatu m'Khoti la ku Ulongwe

Ntchito yanga ndi kuima pakati,
kutola mawu a Chipwitikizi pakamwa pa woweruza
n'kuwapereka m'Chichewa asanazizire.
Zaka khumi ndi zinayi lilime langa silinapunthwe.
Lachitatu lija linapunthwa.

Chisanu cha mu Juni chinkalowera pawindo losweka.
Mayi Jenoveva anakhala pabenchi lakutsogolo,
pambali pawo Alubetino, mwana wawo,
dzanja lamanja la malaya ake
lopindidwa, lomangidwa ndi pini,
poti mulibe cholowamo.
Mkonowo unatsala m'dimba la kachewere ku Domwe
tsiku lomwe anakanganirana ngalande ya madzi
ndi Bonifasiyo, uyo ali chiimire m'bokosi,
maso ali pa zala zake khumi.

Mboni zinalankhula. Chikwanje chinabwera
chokulungidwa m'thumba la feteleza.
Kalata ya dokotala inati:
chitsulochi chinkafuna khosi,
mkono unangotchinga.

Woweruza, mayi wachichepere wa ku Kelimane,
anavula magalasi,
natsegula buku lake lonenepa, nalitseka,
nalitsegulanso.
Kenako ananena chiganizo chimodzi chachitali
ndipo khoti lonse linacheukira ine.

Ndinati: akuti alibe mphamvu.

Mayi Jenoveva anadzuka osapempha.
Alibe mphamvu?
Nanga mkanjo wakudawo ndi wa chisanu?
Nanga apolisi awiri ali pakhomowo?
Ine ndakwera galimoto kanayi kubwera kuno,
mbuzi yanga yathera m'manja mwa kondakitala,
lero mundiuze kuti ndinkadandaulira mpando wopanda munthu?

Ndinabweza zonsezo m'Chipwitikizi,
kupatula za mkanjo.

Woweruza sanamenye tebulo.
Anati: auzeni kuti ndamva zonse, ndipo ndakhulupirira.
Koma zaka zomwe lamulo linaika m'manja mwanga
zimathera panjira, mlanduwu usanathe.
Ndikagamula pano ndipereka zochepa,
chitseko chitsekeka, sichitsegukanso.
Upite ku khoti lalikulu ku Tete.

Apa mpamene ndinakumbukira msika.
Ndinati: Mayi, iwowa anapatsidwa chitini chopimira,
inu mwabwera ndi thumba lathunthu.
Sakufuna kukupimirani chitini n'kunena kuti zakwana.

Anakhala pansi pang'onopang'ono.
Sindikudziwa ngati anavomera
kapena maondo anangotopa.

Bonifasiyo ndiye anamva theka.
Anandinong'oneza, nkhope itawala:
Ndiye kuti andilephera? Ndizipita?
Ndinati ayi, achimwene,
ubwerera komwe wagona,
ndipo komwe ukupitako zaka amawerenga zambiri.
Kumbuyo mkazi wake anasuntha mwana kumsana
n'kumuika kubere, ngakhale sankalira.

Kalaliki anamanga mapepala ndi chingwe cha khonje,
chidindo katatu, gu, gu, gu.
Adzatsika mapiri athu ozizirawa,
adzadutsa fumbi la malasha ku Mowatize,
adzawoloka Zambezi,
n'kukagona pashelefu m'chifunthi cha Tete
pansi pa mitolo ina yomwe inafika kale.
Liti? anafunsa mayiyo.
Funso limenelo ndinalimasulira bwinobwino.
Yankho silinabwere m'chilankhulo chilichonse.

Potuluka anandigwira jekete.
Kumeneko mukakhalako inuyo?
Ndinati ayi, kuli wina,
koma iye anakulira m'Chinyungwe.
Nanga akamva bwanji ndikanena kuti mwanayu
ndiye ankandilimira?

Alubetino anafunika kusaina.
Anayang'ana cholembera, nayang'ana amake.
Kalaliki anakankha inki mwakachetechete
ndipo chala chachikulu chakumanzere
chinasiya chizindikiro chopendekeka,
cha munthu amene akuphunzira kumene.

Usiku ndinakhala pakhonde, nsapato zili kumapazi,
ndikutembenuza liwu lija ngati chimanga pamoto.
Alibe mphamvu. Alibe chilolezo. Malire awo athera apa.
Lililonse likanakhala bwino kuposa lomwe ndinanena.
Koma lililonse
likanafunabe ndalama ya ulendo wa ku Tete,
ndipo mbuzi inali imodzi.